Mayi Amene Anaumitsa Simenti ndi Mbaula

Kumudzi wina kuseri kwa Mponela kunali mayi wina wamasiye, anthu ankangomutchula kuti amake Dolofe. Iwe ukulembawe, ulembe momwe ndikuneneramu, usandikonzere mawu. Ndikufuna amayi anzanga a Mvano akawamve Lachinayi adakali otentha.

Mayi ameneyu anali ndi nyumba ya njerwa zootcha imene malemu mwamuna wake anamusiyira. Njerwa zabwino ndithu. Koma denga la udzu, timawindo ngati maso a nkhuku, pansi dothi. Komatu dothi lake! Pa nkhani yozira, mayiyu analibe mnzake mudzi wonsewo. Amati akatenga dothi lakuda la kudambo, n'kulikanya, n'kugwada, dzanja likuyenda chonchi, chonchi, pansi pamasalala ngati mphumi pa khanda. Kukakhala ukwati, kukakhala ubatizo, akazi ankabwera kudzamupempha kuti akawazirire. Iye akamaphunzitsa atsikana mawu ake anali amodzimodzi: "Ukazira tsegula zitseko, mphepo ipite. Dothi lonyowa ndi lofooka, louma ndi lolimba. Madzi ndiwo mdani wa nyumba." Ndipo sankanama. Anaonapo ndi maso ake khitchini yake ikugwada ndi mvula ya mu Febuluwale.

Tsono mwana wake wamkazi Dolofe anali ku Lilongwe, ankasoka zovala. Tsiku lina foni inalira. "Amayi, ndapeza banja. Chinkhoswe chidzachitikira pakhomo panu pomwepo, mvula isanagwe."

Ee, mayi uja nthungululu! Nkhuku zonse balala!

"Dikirani kaye amayi, sindinathe. Ndikutumiza malata ndi matumba a simenti. Asewere anu asadzakhale pa dothi. Pezani mmisiri, koma mulemberane pangano. Amisiri ena akalandira zawo amasowa ngati mame."

Mayi uja anathamanga kukaitana a Sandalamu, mmisiri wa kutsidya kwa mtsinje, munthu wosachedwa kuseka koma wosachedwanso pa ntchito. Anaitananso msuweni wake, a Yotamu, kuti adzalembe ndi kukhala mboni. Mukudziwa inu za pachisuweni, anthu awiriwa sankapatsana moni osanyozana.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, chikho cha thobwa chikuyenda. A Yotamu anang'amba pepala m'kope, n'kuliyala pabondo.

"Tiyeni akazanga, nenani zimene mukufuna. Koma musatchule masitepe, kuno si ku Area 47."

"Khalani chete amunanga achabechabe inu. Nyumba ya kwanu ija mbuzi zimalowera pawindo."

Mayi uja anaimirira, kukhala pansi kunamukanika. Anamugwira mmisiri pa dzanja la malaya, n'kumuzunguza nyumba yonse. Apa muchotse udzu, muike malata. Apa mukuze windo, munthu aziona amene akubwera. Makoma mupake laimu. Pabalaza pano simenti, koma yofiira, yonga ya kunyumba ya abusa. Pakhonde simentinso, kuti alendo akamatsika galimoto aziyamba kuona pomwepo. A Sandalamu ankangoyeza ndi chingwe, kugwedeza mutu, n'kumauza a Yotamu kuti lembani. Zamalipiro anagwirizananso bwinobwino, sindilowako, si nkhani yathu lero.

Atabwerera pansi pa mango, mmisiri uja anati, "Mayi, imeneyo ndi mbali yanga. Tsopano tilembe yanu. Pangano ndi goli, ng'ombe imodzi silikoka."

"Nenani, nenani! Ine ndi wokonzeka."

"Mchenga wa kumtsinje, mupeza ndinu."

"Wapezeka kale."

"Madzi okanyira, mutunga ndinu."

"Mjigo ndi uwo."

"Chakudya chamasana."

"Mudya mpaka muiwala kwanu."

A Yotamu anaimitsa bolopeni. "Ndilembe kuti nkhuku, kapena ndilembe zoona, kuti bonya?"

"Lembani kuti mboni isadye nawo!"

Anaseka onse. Kenaka a Sandalamu anaika chikho pansi, nkhope inasintha. "Chomaliza ndi ichi mayi, ndipo ndicho chachikulu. Ndikadzathira simenti pabalaza, ndidzachokapo kaye, ndili ndi denga la tchalitchi kwina. Ikadzagona usiku umodzi, inu mudzayale ziguduli pamwamba pake. Muzidzathirira m'mawa ndi madzulo, sabata yathunthu. Mawindo otseka. Isadzaume."

Mayi uja anayang'ana mmisiri, anayang'ana msuweni wake, n'kuphulika chiseko. "Kuthirira? Mukundipangira pabalaza kapena dimba la tomato?"

"Simenti imalimba ndi madzi, mayi. Imamwa pang'onopang'ono. Ikauma msanga, yafa. Yotamu, lembani chonchi: ikadzang'ambika iwo atathirira, mlandu wanga, ndidzakonza ulere. Ikadzang'ambika iwo osathirira, mlandu wawo."

A Yotamu analemba, n'kuwerenga mokweza. "Mwamva akazanga? Ndibwereze?"

Nthawi yomweyo kunamveka phokoso kumsewu, kwa! kwa! kwa! Ngolo ya ng'ombe ikubwera, malata ali pamwamba, akunyezimira ndi dzuwa mpaka maso kuwawa. Ana a mudzi wonse pambuyo pake. Mayi uja mtima unalumpha.

"Ndamva, ndamva! Bweretsani kuno, ndidinde!"

A Yotamu anamupaka inki ya bolopeni pa chala chachikulu, iye di! papepala, n'kuliyatsa liwiro kunka kungolo, chitenje chikuuluka, nthungululu ili pakamwa.

Apa ndiime kaye. Wina asanene kuti vuto linali kusaphunzira. Ayi. Ife amene sitinakhale pa benchi ya sukulu pangano timasunga m'mutu, ndipo m'mutu simulowa chiswe ngati m'pepala. Mayiyu anamva mawu onse, limodzi silinamuphonye. Koma pamene chala chinkadinda, mtima unkanena zina. Mtima unkati, "Mwamunayu aziuza ena. Ine ndazira nyumba kuyambira ndili namwali."

Ntchito inayamba. Abale, inali ntchito yokoma kuonera! Udzu wakale unatsika ndi makoswe ake omwe. Malata anakwera. Mawindo anatseguka ngati nyumba yadzuka kutulo. Laimu mbee! Anthu opita kuchigayo ankaima panjira, mitolo ili pamutu. Mayi uja mchenga anatuta, madzi anatunga, chakudya anaphika, ndipo tsiku lokhoma malata anaphadi nkhuku, a Yotamu n'kungopezeka afika mwangozi nthawi ya nkhomaliro. Mbali yake yonse mayiyu anaisunga. Inatsala imodzi.

Linafika tsiku la simenti. A Sandalamu anagwada kuyambira kukhoma lakumadzulo, akusalaza, akubwerera chambuyo, akusalaza, mpaka anatulukira pakhomo. Pansi psuu, kufiira, kunyezimira. Munthu ukasuzumira umadziona nkhope. Anasamba m'manja, n'kuloza mulu wa ziguduli umene anasiya pakhonde. "Ziguduli ndi izo mayi. Matumba awa otsalawa ndi a khonde, ndidzamaliza ndikabwera. Mukukumbukira mbali yanu?"

"Pitani bwino, bambo. Musadandaule."

M'mawa mwake mayi uja analawira kumjigo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lotuluka lili lokwiya kale, mzere wa ndowa wautali. Anadikira, anatunga, anasenza, anafika pakhomo pa nyumba yake. Anatsegula chitseko. Simenti ija ili phee, yokongola ngati mbale yatsopano. Anatula ndowa. Anaigwira ndi manja awiri kuti akhuthule.

Manja anakana.

Anaima pamenepo, ndowa ili m'manja. Khutu lina likumva mmisiri: isadzaume. Khutu lina likumva mayi ake omubereka, agogo ake, ndi khitchini ija inagwa ndi mvula: madzi ndiwo mdani wa nyumba. Anaona ziguduli zija, zakuda, zonunkha fodya. Ayale zimenezo pa chinthu chokongola chonchi? Athire madzi ndi manja ake pa simenti imene mwana wake anaisokera madiresi mpaka msana kupindika?

"Iyayi," anatero. "Misala imeneyo ine sindichita."

Anaika ndowa pansi. Anatsegula mawindo onse atsopano aja kuti mphepo idutse. Atagwira pansi ndi chikhatho anamva kuzizira. "Mwaona? Idakali yaiwisi. Chinkhoswe chidzatipeza isanaume." Anakoleza mbaula, n'kuiika pakati pa balaza, pa njerwa. Anaona kuti imodzi ikuchedwa. Anapita kwa aneba kukabwereka ina, anapita kwa ena kukabwereka ina. Anakupiza moto ndi chivindikiro, thukuta kamukamu, akuimba nyimbo za ukwati. M'nyumba munatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Madzulo simenti inali gwa, youma, yotuwa pang'ono. Mayi uja anavina yekha pakhomo. "Sabata yathunthu ya chiyani? Ine ndamaliza lero lomwe!"

Tsono panali mtsuko. Mtsuko wakale wa madzi akumwa, umene anaumba mayi ake, ndipo malo ake anali pakona ya balaza kuyambira kalekale. Unali ndi kamng'alu kunsi, unkadontha pang'onopang'ono, koma kuutaya sankafuna chifukwa madzi ake ankazizira ngati a pachitsime. Anaubwezera pakona pake tsiku lomwelo. Poopa kuti unganyowetse simenti yake, anatenga ziguduli zija, n'kuzipindapinda, n'kuziika pansi pake. M'mawa uliwonse akamadzaza mtsuko ankapeza ziguduli zili nyowee, ndipo ankaukalipira. "Nkhalamba iwe, undiwonongera pakona panga. Chinkhoswe chikangotha ndikuswa."

Sipanapite nthawi. Tsiku lina akusesa anaona fumbi lofiira pa tsache. Anasesanso, fumbi. Anasesanso, fumbi silikutha. Anawerama. Pansi ponse timing'alu, timing'alu, ngati chidendene cha munthu woyenda opanda nsapato m'chilimwe. Anakoka mpando, mwendo wa mpando unalima mzere. Anaponda ndi chidendene, panafumbuka.

A Yotamu anafika akufuna thobwa, anasuzumira, n'kugwira pakamwa. "Akazanga, mwalima kale? Mbewu tibweretse?"

Tsiku limenelo mayi uja anatumiza uthenga kwa mmisiri kuti abwere msanga. Anatulutsa pepala lija m'buku la nyimbo momwe analisunga, n'kuima nalo pakhomo, dzanja lina m'chiuno.

A Sandalamu atangotsika njinga, iye anayamba. "Bambo, pepala ili likuti ikang'ambika mukonza ulere. Lowani muone ntchito yanu! Asewere anga adzavine pa phulusa?"

Mmisiri analowa. Anagwada, anatola msomali, anakanda pansi. Msomali unalowa ngati mu chigumu.

"Mayi, munathirira?"

Mukuganiza kuti ananama? Ayi, mayiyu sanali wabodza. Anatukula chifuwa. "Ndithirire? Ine ndinakuthandizani ntchito! Ndinatsegula mawindo, ndinakoleza mbaula zitatu. Makala anga ndinatha. Inauma tsiku limodzi!"

A Yotamu anakhala pansi pakhonde, anagwira m'mimba, misozi ikutsika. "Mbaula! Mayo ine, mwaotcha simenti ngati chimanga chachiwisi!"

Koma a Sandalamu sanaseke. Anati, "Yotamu, pukutani misozi, werengani mzere womaliza."

A Yotamu anawerenga. Ikadzang'ambika iwo osathirira, mlandu wawo. Pansi pake chala chija, chabuluu, chachikulu, chosakanika.

Mayi uja sanagonje msanga. "Pepala linene zimene likunena, koma nzeru ndi nzeru. Chinthu chimalimba bwanji ndi madzi? Simenti yanuyi inali yoola basi."

Mmisiri anayang'anayang'ana m'chipindamo. Maso ake anafika pakona. "Mtsuko uwo wakhala pamenepo kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la mbaula. Musauone, ukudontha, pamenepo ndiye pawonongekeratu."

A Sandalamu ananyamula mtsuko, anauika pambali. Anachotsa ziguduli zonyowa zija. Pansi pake panali kamalo kozungulira, kukula ngati lichero, kofiira psuu, kosalala. Anapereka msomali kwa mayi uja. "Kandani nokha."

Anakanda. Msomali unatsetsereka. Anakanda ndi mphamvu, ndi manja awiri. Msomali unapindika. Mmisiri anagogoda ndi hamala, panalira ngwe! ngwe! ngati mwala wa pamtsinje. Anagogoda pambali pake, panangoti fu.

"Thumba lake ndi lomwelo, mayi. Dzanja lake ndi lomweli. Mtsuko wanu wokha ndiwo unasunga pangano."

Mayi uja anakhala pansi pa fumbi lomwelo. Chinkhoswe chinali chitayandikira, mitambo itayamba kusonkhana kummawa. Kumuimbira Dolofe kuti tumiza simenti ina? Ndi pakamwa pati? Mwana anali atapereka zonse zimene anali nazo. Anaona m'maganizo asewere ake akutsika galimoto, azimayi akuvina, fumbi lofiira likukwera m'zitenje zawo zatsopano, anthu akutsokomola, mwana wake ataweramitsa mutu. Ngakhale a Yotamu anasiya kuseka.

"Bambo," anatero ndi mawu aang'ono, "mlandu ndi wanga. Ndinadinda ndi chala, koma mtima sunadinde. Palibe chimene ndingakuumirizeni."

A Sandalamu anakanda m'mutu. Anatuluka, anayang'ana matumba otsala aja, anabwerera.

"Mwa pepala ili, ine ndilibe nanu mangawa. Nditha kumaliza khonde n'kukwera njinga yanga. Koma sindinabwere kudzamanga pepala, ndinabwera kudzamanga nyumba. Ndigumula zonsezi, ndithiranso. Thukuta langa simulipira. Koma simenti sindingaibereke. Tigwiritsa ya khonde. Khonde likhala ladothi. Mukuvomera?"

Khonde lija! Limene ankafuna kuti alendo aziyamba kuona! Mayi uja analumpha ngati mtsikana. "Ndavomera! Yotamu, ng'ambani pepala lina! Tikulemba pangano latsopano!"

Anakhalanso pansi pa mango. Koma ulendo uno mayi uja anati, "Muyambe ndi mbali yanga. Ya mmisiri ndikuidziwa, iye salephera. Werengani yanga." A Yotamu anawerenga. "Bwerezani." Anabwereza. Iye anainena yekha pamtima, mawu ndi mawu, ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Kumsewu kunadutsa galimoto ikuliza nyimbo, ana akuthamangira. Sanatembenuke ngakhale khosi. Anapereka chala, n'kudinda pang'onopang'ono, mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.

Mmisiri anagumula. Kamalo ka mtsuko kaja kanakana kugumuka, anakasiya. Anathira simenti yatsopano, anasalaza, anapita.

Ndiye mukanamuona mayi uja! Tambala woyamba, ali kale kumjigo. Ziguduli yala, yala, yala. Madzi khuthu! Mawindo tseke. Madzulo khuthu! Pofika pakhomo ndi ndowa ankaimabe kaye, chifukwa nzeru yakale siifa tsiku limodzi. Koma ankayang'ana pakona paja, n'kukhuthula. Akazi kumjigo ankamuseka. "Amake Dolofe, mwayamba kuweta nsomba m'nyumba?" Iye ankati, "Ndikudyetsa simenti yanga, ili ndi ludzu. Sunthani ndowa zanu!" A Yotamu anabwera ndi mbedza, ati adzawedze pabalaza. Anawathamangitsa ndi chiguduli chonyowa.

Sabata itatha anachotsa ziguduli. Anatenga msomali. Anakanda pakati, anakanda pakhomo, anakanda m'makona. Msomali unapindika. Nthungululu imene analiza tsiku limenelo inamveka kutsidya kwa mtsinje, a Sandalamu ali padenga la tchalitchi anangomwetulira.

Khonde analizira yekha ndi dothi lakuda la kudambo, m'mbali n'kulemba maluwa ndi dothi loyera. Pamenepo ndiye anatsegulira mphepo, pamenepo ndiye anaingitsa madzi, chifukwa dothi ndi dothi.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Magalimoto, zitenje zofanana, ng'oma, azimayi a mbali zonse ziwiri. Analowa pabalaza, nyimbo inagwira, anayamba kuponda. Kupondatu osati masewera! Azakhali a mwamuna, munthu wathupi lake, nsapato zazitali zosongoka, anavina pakati mpaka thukuta. Simenti ili phee. Fumbi ngakhale la mankhwala. Dolofe anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pakona. Mtsuko uli pomwepo, atauveka kansalu koyera, ukudontha monga mwa masiku onse. Asewere aakazi anapempha madzi akumwa, anamwa, n'kufunsa kuti, "Koma mtsuko wakale chonchi m'nyumba yokongola chonchi, osagula ndowa yapampopi bwanji?"

Mayi uja anati, "Asewere, ameneyo musamunyoze. Ndi mkulu wa mpingo m'nyumba muno."

Tsopano amayi anzanga, tcherani khutu, fanizo ili ndi lathu.

Mmisiri ndi Ambuye. Nyumba yakale ndi ine, ndi inu. Tsiku limene tinaima kutsogolo kwa mpingo n'kuvomera, tinadinda chala pa pangano. Mbali yake Iye anaichita, ndipo anaichita bwino. Anachotsa udzu woola, anatsegula mawindo, anayala moyo watsopano pamene panali dothi. Ife sitinasalaze ngakhale kachigawo. Mbali yathu ndi yaing'ono: kuthirira. Kugwada m'mawa, kugwada madzulo. Basi.

Koma ife timakonda mbali ya Mmisiri. Tikamva za malata timaliza nthungululu, ikafika mbali yathu tili kale kumsewu. Ndipo tili ndi nzeru zathu zakale za dothi. Zimatiuza kuti munthu wolimba ndi wouma: osalira, osapepesa, osagwada. Zinatithandiza kale, sindikukana, ndi zimene tinalerera ana m'zaka za njala. Koma chimene Ambuye wayala mwa ife si dothi. Chimenecho ukachiumitsa, chimafa. Chimalimba chikamakhala chonyowa pamaso pake.

Ena timati tikoleze mbaula. Msonkhano waukulu ukabwera, moto lawilawi, kuimba mpaka mawu kutha, tati tamaliza tsiku limodzi. Tikabwerera kunyumba, ndowa ili pakhomo, youma. Ndiye mpongozi akangokoka mpando pang'ono, mtima fumbi lokhalokha. Tiyamba kuloza Mmisiri, ati ntchito yake ndi yoola.

Ndipo alipo wina pano amene akuti, ine pemphero langa ndi lachabe, mawu sindidziwa, ndine mtsuko wong'aluka. Mayi, dontha! Dontha lero, dontha mawa, dontha pakona pako pomwepo pamene palibe akukuona. Tsiku limene mavuto adzabwere ndi msomali wawo, udzapindika ndi msomaliwo.

Ndipo ngati pabalaza panu pang'ambika kale, musabise ndi mkeka. Muitaneni. Mwa pangano alibe nafe mangawa, koma Iye sanabwere kudzamanga pepala. Adzagumula, adzathiranso, thukuta lake simulipira. Mwina khonde lina mudzaluza, zimenezo zimachitika. Koma nyumba idzalandira alendo.

Iye wagwada kale, wasalaza kale. Ndowa ili pakhomo panu. Mawa tambala akalira, khuthulani.